Sitima zakale za malasha zisungidwe zikuyenda

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena amaiona ngati yachibwana, pomwe ine imandikhudza mumtima. Ndikunena za sitima zakale za malasha zoyenda pa njanji zopapatiza, zimene anthu m'mayiko angapo akuzisamalirabe ndi kuziyendetsa ngakhale kuti ntchito imene anazipangira inatha kalekale. Kangapo konse ndamva anthu, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akunena kuti zimenezi ndi zidole za akuluakulu amene ndalama zawachulukira, ndipo kuti ngati cholinga n'kukumbukira zakale, kuli bwino kungotenga mutu umodzi wa sitima, kuupaka penti yowala, n'kuukhazika pa simenti kutsogolo kwa siteshoni kuti odutsa aziuona. Maganizo amenewa ndikuwatsutsa. Mutu wa sitima umene moto unazima mkati mwake, ndipo palibenso munthu wodziwa kuukoleza, sunasungidwe ayi, ukungodikira kuti dzimbiri limalize ntchito yake.

Poyamba ndifotokoze chimene mawu akuti njanji yopapatiza akutanthauza, pakuti ambiri timakwera sitima osayang'ana pansi. Njanji zambiri padziko lapansi zili ndi mpata wa mamilimita 1,435 pakati pa zitsulo zake ziwiri, ndipo iliyonse imene mpata wake ndi wocheperapo imatchedwa yopapatiza. Zilipo za mamilimita 1,067, monga zimene zinafala kummwera kwa Africa ndi ku Japan, zilipo za mita imodzi, za mamilimita 914, za 762, mpaka za 610 kapena 597, zimene ngakhale mwana amazidumpha osavutika. Amene anazimanga sankasewera. Njanji yopapatiza imakhota pamalo pochepa, motero imatha kutsata nthiti za phiri ndi gombe la mtsinje pomwe njanji yaikulu ikanafuna kugumula matanthwe, kuboola mapiri ndi kumanga milatho italiitali. Zitsulo zake n'zopepuka, mabogi ake ndi aang'ono, ndipo ndalama zomangira zimachepa kwambiri. N'chifukwa chake njanji zotere zinkafika ku migodi, ku minda ya tiyi ndi ya nzimbe, ku nkhalango ndi ku midzi ya m'mapiri, kumene makampani a njanji zazikulu sakanalota n'komwe zopitako.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi njanji ya Ffestiniog ku Wales, m'dziko la Britain. Anaitsegula m'chaka cha 1836 kuti izitsitsa miyala ya sileti yofolerera nyumba kuchokera ku migodi ya ku Blaenau Ffestiniog kupita ku doko la Porthmadog, mtunda wa makilomita pafupifupi 22. James Spooner, amene anayeza njira yake, anaikonza mwanzeru kuti ikhale yotsetsereka pang'onopang'ono kuchokera kumtunda mpaka kufupi ndi nyanja, kotero kuti mabogi odzaza miyala ankatsika okha popanda chowakoka, anthu ogwira mabuleki atakhala pamwamba pa katunduyo. Mahatchi ndiwo ankakokera kumtunda mabogi opanda kanthu, ndipo potsika ankawakweza m'bogi lawolawo kuti apume ndi kudya. Malonda a sileti atakula mahatchi analephera, ndipo ngakhale akatswiri ena a nthawiyo ankati injini ya nthunzi singagwire ntchito pa kanjanji kakang'ono chotero, m'chaka cha 1863 kampani ya George England ya ku London inapanga mitu yoyamba. Umodzi mwa mituyo, wotchedwa Prince, ulipobe, ndipo wakhala ukukoka mabogi a anthu m'zaka zathu zomwe zino.

Chodabwitsa chenicheni chinabwera mu 1869, pamene njanjiyi inalandira mutu wa nkhope ziwiri wotchedwa Little Wonder, wopangidwa motsatira nzeru za katswiri wina dzina lake Robert Fairlie. Munthu akauona koyamba amayesa ndi injini ziwiri zofulatirana: chumuni kutsogolo, chumuni china kumbuyo, ng'anjo pakati, ndipo mawilo ali m'magulu awiri amene lililonse limatembenuka palokha pofika pokhota. Woyendetsa amaima mbali imodzi ya boyila, thanki yowiritsiramo madzi, wothira malasha mbali inayo. Popeza kulemera konse kumagwera pa mawilo okoka, mutu wotere umagwira njanji mwamphamvu ndipo umakoka katundu wochuluka kuposa timitu tija toyamba. Mu 1870 akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo nthumwi za dziko la Russia, anapita kukadzionera okha, ndipo zimene anaona zinathandiza kuti njanji zopapatiza ziyambe kumangidwa m'madera akutali monga Colorado ku America ndi India. Choncho munthu akamaona lero mutu wa mtundu womwewo wotchedwa Merddin Emrys, umene unapangidwa mu 1879 m'shedi ya Boston Lodge ya njanji yomweyi, ukukwera phiri ndi mabogi odzaza anthu, akuona ndi maso ake umboni umene unasintha maganizo a mainjiniya a m'badwo umenewo. Chithunzi cha m'buku sichingamuonetse zimenezo.

Malole ndi mabasi atachuluka, njanji zing'onozing'ono zinayamba kufa imodziimodzi, ndipo zambiri zinapita popanda wozilira. Ya Lynton and Barnstaple ku Devon, ku England, imene inatsegulidwa mu 1898, inatsekedwa mu 1935. Mitu yake inayi anaidula n'kuigulitsa ngati zitsulo zakutha, ndipo wachisanu, wotchedwa Lew, anaukweza m'sitima ya pamadzi kupita ku South America ndipo sunabwerenso. Patapita zaka zambiri anthu anaufuna, koma madzi akatayika saoleka. Anachita kusonkha ndalama ndi kugwira ntchito zaka zoposa khumi kuti apange wina wofanana nawo, wotchedwa Lyd, umene anaumaliza mu 2010. Kudula mutu wa sitima ndi moto wa gasi ndi ntchito ya masiku ochepa chabe.

Zinthu zinatembenukira pa njanji ina ya ku Wales komweko yotchedwa Talyllyn, ya mamilimita 686, imene inamangidwa mu 1865 kuti izinyamula sileti kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys kupita ku Tywyn. Mwini wake, Sir Henry Haydn Jones, analonjeza kuti sitima iziyendabe iye ali moyo, ndipo anasunga lonjezolo ngakhale mgodi utatsekedwa. Atamwalira mu 1950, aliyense ankadziwa kuti chotsatira n'kuzula njanji. Matabwa ogoneka pansi pa zitsulo anali ataola moti m'malo ena udzu ndi dothi ndizo zinkagwira njanji kuti isatayane, ndipo mwa mitu iwiri ya pachiyambi, umodzi wokha, Dolgoch wa 1866, ndiwo unkatha kuyenda. Wolemba mabuku wina amenenso anali injiniya, Tom Rolt, pamodzi ndi anzake anaitanitsa msonkhano ku Birmingham mu Okutobala chaka chomwecho, anakhazikitsa bungwe, ndipo pa 14 Meyi 1951 anayendetsa sitima yawo yoyamba. Imeneyi ndiyo njanji yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthuwa sanaganize zotenga Dolgoch n'kukamutsekera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Anafuna kusunga zonse pamodzi: njanji, mabogi, masiteshoni, ndondomeko ya nthawi, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku yoyendetsa sitima.

A ku Ffestiniog anakumana ndi zovuta zoposa pamenepo. Njanjiyo inatsekedwa mu 1946, ndipo pamene ongodzipereka anayamba kuitsegulanso chigawochigawo kuyambira 1955, boma linali litakonza zomanga damu lopangira magetsi ku Tanygrisiau, limene madzi ake anamiza gawo lina la njira yakale. Ena akanagwa mphwayi n'kukhutira ndi theka. Iwo kuyambira 1965 anayamba kusema njira yatsopano ya makilomita anayi, ambiri mwa iwo ali anthu olembedwa ntchito zina amene ankabwera kumapeto kwa sabata ndi mapiki ndi mafosholo, ndipo pa Dduallt anazunguza njanji mpaka kudutsa pamwamba pa iyo yomwe kuti ikwere kuposa madzi a damulo. Ntchito imeneyo inatha mu 1978, ndipo sitima inafikanso ku Blaenau Ffestiniog mu 1982. Munthu sataya zaka khumi ndi zitatu akuswa miyala mumvula chifukwa cha chidole.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chimene ndikunenera kuti mutu wa sitima uyenera kusungidwa ukuyenda. Ndinakhalapo ndi mwayi woima m'shedi ya njanji ina yotere kusanache bwino, ndipo zimene ndinaona sizichoka m'maganizo mwanga. Mnyamata wina anayamba wayang'ana m'galasi losonyeza pamene madzi afika m'boyila, kenaka anaunika ndi tochi pakhomo pa ng'anjo kuti aone ngati pali podontha, ndipo atakhutira anaika sanza zonyowa ndi mafuta pa fosholo, kuziyatsa, n'kuzikhazika pakati pa nkhuni zimene anali atayala. Malasha anabwera pambuyo, pang'onopang'ono, fosholo imodzi apa, ina apo. Ndinamufunsa chifukwa chimene sankasonkhezera moto kuti nthunzi ikwere msanga, ndipo anandiuza kuti chitsulo chozizira chikatenthedwa mothamanga chimafutukuka mosiyana, mbali ina kuposa inzake, mapaipi n'kuyamba kudontha polumikizira. Maola angapo anapita singano ya geji isanagwedezeke n'komwe. Nthawi yonseyi woyendetsa, bambo wa imvi, ankazungulira mutuwo ndi kachitini ka oyilo ka mlomo wautali, akudontheza m'tizibowo tambirimbiri timene ine sindikanationa, ndipo apa ndi apo ankagogoda nati ndi kahamala n'kutchera khutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'shedimo munalibe ndi mmodzi yemwe wopupuluma.

Mmene makina amenewa amagwirira ntchito n'zosavuta kunena. Moto umayaka m'ng'anjo imene yazunguliridwa ndi madzi mbali zonse, ndipo utsi wotentha umadutsa m'mapaipi ambirimbiri oyenda mkati mwa boyila mpaka kukatulukira ku chumuni. Madzi amasanduka nthunzi, nthunzi imalowa m'masilinda n'kukankha pisitoni uku ndi uku, ndipo mikono yachitsulo imazunguza mawilo. Nthunzi ikamaliza ntchito imatulukira m'kampope kolunjika ku chumuni, ndipo potuluka imakoka utsi, zimene zimachititsa kuti mpweya ulowe pansi pa moto. Ndiye kuti injini ikamalimbana ndi chitunda, nayonso imadzikupizira moto wake; phokoso lija timalimva kanayi pa kuzungulira kumodzi kwa wilo ndiko kupuma kwake. Koma kudziwa zimenezi si kudziwa kuyendetsa. Wothira malasha amawerenga moto poona mtundu wake ndi mtundu wa utsi, amadziwa kuti utsi wakuda bii ndi malasha otayika pachabe, ndiponso kuti pamene pachepa malasha pamalowa mpweya wozizira umene umagwetsa nthunzi sitima ili pakati pa chitunda. Amadziwa ndi khutu ngati chipangizo cholowetsa madzi m'boyila, chimene Henri Giffard wa ku France anachitulukira mu 1858, chagwira kapena chikungolavula. Woyendetsa naye amamva m'mapazi mwake kuti mawilo ali pafupi kuterereka, ndipo amachepetsa nthunzi ndi kutsegula mchenga zisanachitike.

Luso limeneli limatengedwa kwa munthu wina, utaima pambali pake. Kuyambira kale njira yake ndi imodzimodzi: umayamba ndi kupukuta ndi kuchotsa phulusa, patapita zaka umaloledwa kugwira fosholo, ndipo patapitanso zaka umayesedwa kuti ukhale woyendetsa. Zimenezi si mwambo chabe, pakuti m'boyila muli zoopsa. Madzi ali mmenemo ndi opanikizika ndipo amatentha kufika pa madigiri 180 kapena kuposerapo, moti chitsulo chitang'ambika, ena mwa madziwo angasanduke nthunzi nthawi imodzi, boyila n'kuphulika. Denga la ng'anjo liyenera kukhala lomira m'madzi nthawi zonse, ndipo pa njanji za m'mapiri madzi amathawira mbali imodzi sitima ikamakwera kapena kutsika. N'chifukwa chake padenga pamenepo amaikapo kachitseko ka mtovu kamene kamasungunuka madzi akachepa, kuti nthunzi ipoperere pamoto ndi kuchenjeza anthu. N'chifukwa chakenso ku Britain boyila iliyonse imayesedwa chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka pafupifupi khumi amaiphwasula yonse. Kuti zimenezi zitheke pamafunika anthu odziwa kukhoma mariveti, kupinda chitsulo ndi mkuwa, ndi kusula zipangizo zimene palibenso sitolo yozigulitsa. Sitima ikasiya kuyenda, anthu amenewa alibe chowasonkhanitsa, ndipo m'badwo umodzi ukangodutsa luso lonse lapita.

Mutu wokhazikidwa pa simenti nawonso ndinauonapo, pa siteshoni ina imene sindiitchula. Patali unkaoneka bwino, wakuda ndi mizere yofiira. Nditayandikira ndinapeza kuti chumuni anachisiya chosatseka, motero mvula ya zaka zambiri inalowa n'kusakanikirana ndi mwaye ndi phulusa zimene palibe anazichotsa, ndipo chitsulo cha pansi pake chinali chitadyeka mpaka dzanja kulowa. Zonse za mkuwa, monga wezulo, mageji ndi timipope, zinali zitazulidwa. Pamikono ya mawilo anapakapo penti pamwamba pa dzimbiri. Ana amene ankasewera pamenepo ankadziwa kuti ndi sitima, koma panalibe chowauza kuti chinthu chimenechi chinkatentha, chinkapuma, ndipo chinkafuna anthu awiri omvana kuti chisunthe. Amene anauika pamenepo ankafuna zabwino, sindikukayika, koma penti siiletsa madzi amene ali kale mkati.

Dziko la Eritrea linaonetsa poyera kuti chuma chenicheni chili m'manja mwa anthu. Njanji yake ya mamilimita 950, imene Ataliyana anaimanga kuchokera ku doko la Massawa n'kufika nayo ku Asmara mu 1911, imakwera kuchokera m'mphepete mwa nyanja mpaka mamita oposa 2,000. Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu inawonongeka, ndipo zitsulo zake zina anazizula n'kumangira malinga. Dzikolo litalandira ufulu mu 1993 linasankha kuimanganso lokha, ndipo linaitana nkhalamba zimene zinagwirapo ntchito pa njanjiyo kalekale, zina za zaka za m'ma 70 ndi kuposerapo. Iwowa ndiwo anadzutsa mitu yakale ya kampani ya Ansaldo ya m'chaka cha 1938 ndi kuphunzitsa achinyamata, ndipo mu 2003 sitima inafikanso ku Asmara. Akanachedwa zaka zina khumi kapena khumi ndi zisanu, zitsulo zikanakhalapo koma owauza chochita nazo akanakhala atapita.

Pali nkhani ina imene imandipweteka ndi kundisangalatsa nthawi imodzi. Mitu ya malasha yamphamvu kwambiri imene inayendapo pa njanji za mamilimita 610 inagwira ntchito ku South Africa. Ndi ya mtundu wa Garratt, umene Herbert Garratt anautulukira ndipo kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inaupanga koyamba mu 1909 kuti ukagwire ntchito ku Tasmania, chilumba cha ku Australia. Nzeru yake n'njakuti boyila imalenjekeka pakati ngati machila, itanyamulidwa ndi injini ziwiri, ina kutsogolo yosenza thanki ya madzi, ina kumbuyo yosenza malasha. Popeza pansi pa boyila palibe mawilo, ng'anjo imatha kukhala yaikulu ndi yakuya, pomwe mutu wonsewo, ngakhale ndi wautali, umapindika pokhota. Ya gulu la NGG16, yolemera matani oposa 60 uliwonse, inapangidwa kuyambira 1937 mpaka 1968, ndipo inkakoka zipatso, mitengo ndi nzimbe ku Natal ndi pa njanji ya makilomita pafupifupi 285 yochokera ku Port Elizabeth kupita ku Avontuur, ija yodutsa pa mlatho wa Van Stadens wotalika mamita 77 kuchokera pansi. Njanji zimenezo zambiri zili zii masiku ano. Ina mwa mituyo inagulidwa n'kupita ku Wales, kumene ikukoka anthu pa njanji ya Welsh Highland ya makilomita 40 kuchokera ku Caernarfon kukafika ku Porthmadog, imene anamaliza kuimanganso mu 2011. Pakati pa imeneyi pali nambala 143, Garratt womaliza amene Beyer, Peacock anapanga mu 1958. Mtima umawawa kuona makina amene anthu a mu Africa anakalamba nawo akukasangalatsa anthu kutsidya la nyanja, koma ndikayerekeza ndi anzawo amene anadulidwa kapena akuolera m'tchire, sindingawadzudzule amene anawatenga.

Mwamwayi si zonse zinachoka. Pa famu ya Sandstone m'chigawo cha Free State ku South Africa, kufupi ndi malire a Lesotho, anamanga njanji ya mamilimita 610 ndi kusonkhanitsa mitu yambiri, ndipo pakati pake pali ya mtundu wa Lawley imene inapangidwa m'zaka za m'ma 1890 kuti igwire ntchito pa njanji yoyamba yochokera ku Beira, ija inafika ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, mu 1898, isanakulitsidwe mu 1900. Pano ndiyenera kunena chinthu chimene okonda sitimazi nthawi zina amachilumpha. Njanji ya Beira inadya miyoyo ya anthu ambiri ndi malungo pomangidwa, ndipo ochuluka mwa iwo mayina awo sanalembedwe paliponse. Ku Wales nako anthu oswa sileti ankafa ndi matenda a m'mapapo chifukwa cha fumbi. Njanji yosungidwa bwino iyenera kufotokoza za anthu amenewa momveka, osati kungoonetsa mkuwa wonyezimira. Bungwe la UNESCO litaika dera la migodi ya sileti ya kumpoto chakumadzulo kwa Wales pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2021, linaphatikiza migodi, midzi ya antchito ndi njanji zomwe, ndipo ndikuona kuti linachita bwino kusazilekanitsa.

Ku India, njanji ya Darjeeling Himalayan, imene inamalizidwa mu 1881 ndipo UNESCO inaizindikira mu 1999, imakwera makilomita pafupifupi 88 kuchokera ku chigwa mpaka kudutsa pa Ghum, pamalo okwera mamita 2,258. Pamene phiri lakana, njanjiyo imazungulira n'kudzidutsa pamwamba, kapena sitima imapita kutsogolo, kubwerera chambuyo pa njira yokwererapo, n'kupitanso kutsogolo. Timitu take ta gulu la B, timene tinayamba kupangidwa mu 1889, tili ndi mawilo anayi okha, ndipo mwa chizolowezi chake amuna awiri amakhala kutsogolo kwenikweni akuwaza mchenga pa njanji ndi manja. Lero ulendo wautali umakokedwa kwambiri ndi injini za dizilo, koma ta malashato tikuyendabe pakati pa Darjeeling ndi Ghum, ndipo timakonzedwa m'shedi ya ku Tindharia. Ku Germany, m'mapiri a Harz, njanji ya mita imodzi imayendetsa sitima za malasha tsiku ndi tsiku motsatira ndondomeko ya nthawi, mpaka pa siteshoni ya Brocken yokwera mamita 1,125, pogwiritsa ntchito mitu yopangidwa pakati pa 1954 ndi 1956.

Otsutsa ali ndi mfundo zina zimene sindingazinyalanyaze. Yoyamba ndi ya utsi ndi moto. Malasha amaipitsa mpweya, ndipo ngakhale sitima zonse zoterezi pamodzi zimatentha malasha ochepa kwambiri poyerekeza ndi mafakitale ndi malo opangira magetsi, zothetheka zotuluka m'chumuni zikhoza kuyatsa tchire m'chilimwe. Ku Colorado, moto waukulu utatentha nkhalango mu 2018 kufupi ndi njanji ya Durango and Silverton, ija ya mamilimita 914 yomangidwa mu 1882, boma la America linasumira kampaniyo ponena kuti motowo unachokera ku sitima. Kampaniyo inakana mlandu, koma mu 2022 inavomera kulipira madola 20 miliyoni, ndipo mitu yake inaisintha kuti izitentha mafuta m'malo mwa malasha. Ena anadandaula kuti fungo lasintha ndipo fosholo yapuma. Ine ndikuona kuti anasankha bwino, chifukwa boyila, nthunzi ndi pisitoni zikugwirabe ntchito monga kale, ndipo anthu okhala m'mphepete mwa njanji ali ndi ufulu wogona opanda mantha. Ku Britain vuto ndi lina: mgodi wa Ffos-y-fran, umene unkapereka malasha abwino a ku Wales, unatsekedwa mu 2023, ndipo njanji zakale zikuitanitsa malasha kunja kapena kuyesa timabuloko topangidwa posakaniza fumbi la malasha ndi zotsalira za zomera.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa pamenepo. Amati mutu ukamayenda umatha, ndipo ukasintha boyila, mawilo ndi masilinda, chotsala cha pachiyambi n'chiyani? N'zoona kuti Prince wamangidwanso kangapo, ndipo Dolgoch analandira boyila yatsopano mu 2011. Koma ngakhale pa nthawi imene mituyi inkagwira ntchito yake yeniyeni, ankaisintha ziwalo momwemo, pakuti palibe boyila imene inapangidwa kuti ikhale zaka zana. Kukonza ndi mbali ya mbiri ya makinawo. Ndikuvomereza kuti ulipo mutu wina wosowa kwambiri, wotsala wokhawokha ndiponso wosasinthidwa chipangidwire, umene ndi bwino kuusunga m'nyumba youma osauyatsa, kuti ofufuza aziona mmene akale ankasulira. Zikatero, chiwalo chilichonse chochotsedwa pa mitu yoyenda chizisungidwanso ndi kulembedwa. Koma zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi kusiya mutu panja pa simenti n'kumati tasunga.

Pempho langa likupita kwa onse amene ali ndi mitu yotere m'manja mwawo, kaya ndi makampani a njanji, a migodi, a minda ikuluikulu kapena nthambi za boma zoona zinthu zakale, kulikonse kumene ali. Musafulumire kuitana ogula zitsulo zakutha musanafunse mabungwe amene amadziwa ntchito yodzutsa makinawa, chifukwa chimene inu mukuchiona ngati chowola iwo akhoza kuchiona kuti n'chotheka. Mapulani a makina, mabuku a m'shedi ndi zida zogwirira ntchito zisungidwe pamodzi ndi mutuwo. Koposa zonse, afunefuneni okalamba amene anathirapo malasha, kuyendetsa kapena kukonza maboyila, muwajambule mawu, ndipo ngati n'kotheka muwaimike pambali pa makinawo ndi achinyamata kuti aloze ndi chala. Inunso Akonzi, ndikupempha kuti muzitumiza atolankhani anu kukacheza ndi anthu oterewa akadali ndi mphamvu zofotokoza. Ndipo ngati ndalama zodzutsira mutu palibe chaka chino, zilipo ntchito zimene sizilira zambiri: kuchotsa phulusa ndi mwaye, kukhetsa madzi onse m'boyila, kupaka girisi pa mikono ndi pa mapisitoni, kutseka chumuni, ndi kuumangira denga la malata mvula isanayambe.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika